Tayala Lodyeka Mbali Imodzi

Amene amayenda ndi maso m'makomboni a Lusaka kapena m'misika ya Chipata, Katete ndi Petauke adziwa kuti tayala la galimoto silitayidwa msanga m'dziko lathu. Likatha nchito pa mseu limakwera pa denga kukapsinja malata kuti asauluke ndi kamvuluvulu wa mwezi wa Okutobala. Lina limasanduka nsapato za abusa a ng'ombe, lina mbiya ya maluwa pabwalo la chalichi, lina coseweretsa cimene ana amakunkhuniza ndi timitengo tiwiri. Koma tsiku lina imani pang'ono, muyang'anitsitse matayala akale amenewa limodzi-limodzi. Mudzaona kuti ambiri sanathe mofanana. Mbali imodzi ndi yosalala ngati dazi, mwina mpaka mawaya ali pamtunda, pamene mbali inayo ikali ndi mano akuya oti akadayenda caka cina cathunthu. Tayala lotere silinathe ndi ukalamba ai. Mwini wake analipira mtengo wa tayala lonse, koma anagwiritsa theka cabe.

Zikatere timafulumira kupeza womuimba mlandu. Ena amati matayala a masiku ano ndi ofooka, nakumbuka zaka zija pamene fakitale ya Dunlop ku Ndola inali kupanga matayala m'dziko mwathu muno. Ena amaloza miseu, ndipo sakunama, pakuti maenje a m'dzinja ndi mabampu a miseu ya dothi sacitira cifundo galimoto iriyonse. Komabe tayala lofooka limatha ponseponse mofanana, ndipo mseu woipa susankha kudya mbali yamkati yokha nkusiya yakunja. Tayala likadyeka mbali imodzi, kawirikawiri mlandu uli pa miyendo ya galimoto imene yapotoka. Munthu wogula tayala latsopano osaongola miyendoyo ali ngati mai wothira madzi mu mtsuko wobooka: adzabwerera kucitsime dzuwa lisanalowe. Nchito yoongola miyendo imeneyi amakanika amaicha alainimenti, ndipo mtengo wake ndi wocepa poyerekeza ndi mtengo wa tayala limodzi latsopano.

Mmene mawilo ayenera kuimira

Galimoto yonse, pamodzi ndi anthu ndi katundu wao, imakhudza nthaka pa malo anai okha, ndipo malo alionse ndi aakulu ngati dzanja la munthu wamkulu lotambasula. Kukhota, kuima ndi kukwera phiri, zonse zimadalira timalo tinai timeneti. Ncifukwa cake opanga galimoto anayesa mosamala kwambiri mmene wilo lirilonse liyenera kuimira, ndipo miyeso yake ikuluikulu ndi itatu.

Muyeso woyamba, umenenso umadya matayala ambiri, amaucha toe, liu la Cingerezi lotanthauza cala ca kuphazi. Imirirani muyang'ane mapazi anu. Angaloze kutsogolo molunjika, angayang'anane zala ngati a nkhunda, kapena angatasukane ngati a bakha. Mawilo akutsogolo nawonso ali comweco. Ayenera kuloza kutsogolo pafupifupi molunjika, ndipo kusiyana kumene opanga amalola sikupitirira mamilimita ocepa. Mawilo akayang'anana mopitirira, tayala limadyeka m'mphepete mwakunja. Akatasukana, limadyeka m'mphepete mwamkati, mbali imene maso athu saona tikaima pambali pa galimoto.

Muyeso waciwiri amaucha camber. Imani kutsogolo kwa galimoto capatali pang'ono, muone ngati wilo laima ciriri kapena lapendekera mkati kapena kunja. Tonse tidziwa munthu amene nsapato zake zimadyeka cidendene mbali imodzi cifukwa ca mapondedwe ake, ngakhale agule nsapato za mtengo wapatali motani. Wilo lopendekera mkati kumwamba kwake limasenzetsa katundu mphepete yamkati ya tayala, ndipo lopendekera kunja limasenzetsa mphepete yakunja.

Muyeso wacitatu, wochedwa caster, sutivuta ife a kum'mawa amene tinakulira pa njinga za Eagle zopangidwa ku Luangwa Industries m'Chipata. Foloko ya njinga siima ciriri, imapendekera kumbuyo, ndipo ndico cifukwa cake mnyamata wopusa angathe kupalasa osagwira mahandulo, njinga nkumapitabe molunjika. Pa galimoto, kupendekera komweko ndiko kumabweza ciongolero pakati mukatha kukhota. Muyeso umenewu sudya tayala kwenikweni, koma ukasiyana kumanja ndi kumanzere, galimoto imakokera mbali imodzi.

Tiyeni tibwerere ku muyeso woyamba uja, ticite kasamu kocepa kamene mwana wa giredi 7 angatithandize. Tayala la galimoto yaing'ono ndi lalitali pafupifupi masentimita 60 kucokera kutsogolo kwake kufika kumbuyo kwake. Tinene kuti wilo limodzi lapotoka mamilimita 3 okha, cimene sicikwana kunenepa kwa timitengo tiwiri ta macisi, ndipo diso la munthu silingacione. Ndiye kuti pa mamita 200 alionse wilolo lifuna kupatuka mita imodzi kucoka pa njira imene galimoto ikutsata. Pa kilomita imodzi ndi mamita 5. Kucokera ku Lusaka kufika ku Chipata pali makilomita pafupifupi 570, motero pa ulendo umodzi wokha tayala lija lakokedwa cammbali mtunda wosacepera makilomita awiri ndi theka. Mphira umapindika nkulandirako gawo lina la nkhanza imeneyi, koma lotsalalo ndi kukhula kwenikweni, monga mmene mpeni umakhulikira pa mwala wonolera. Tangoganizani mutamanga tayala latsopano kumbuyo kwa thirakitala nkulikoka cammbali pa tara kucokera kumsika kufika kuparishi. Ndani wa ife angavomere? Koma timavomera tsiku ndi tsiku osadziwa, ndipo mafuta amene injini imawotcha pokoka tayalalo timalipira ndife.

Pali cinthu cimodzi cimene cimanyenga ngakhale madalaivala akale. Munthu amati, galimoto yanga iyenda bwino, sikokera kumbali, nanga ndiipititsirenji ku alainimenti? Mawilo awiri akapotoka mofanana, lina kufuna kumanja lina kumanzere, amalimbana okhaokha ndipo galimoto imapitabe molunjika. Alimi adziwa ng'ombe ziwiri za pa goli limodzi zimene zimakankhana kapena kuthawana: ngolo imafika ndithu kumudzi, koma ng'ombe zimafika zitalema, makosi atanyuka. Ciongolero cingakhale cete pamene matayala akutha.

Cimapotoza miyendo nciani

Walira mvula walira matope, anatero akale, ndipo ife a m'zaka za magalimoto tingaonjeze kuti waliranso maenje. Dzenje limodzi lakuya, lobisika m'madzi, logundidwa pa liwiro, likwanira kupinda kacitsulo kocedwa tie rod kamene kamalumikiza ciongolero ndi wilo. Cimodzimodzi kugunda mwala wa m'mphepete mwa mseu poimika galimoto, kapena kulumpha mahampu a m'matauni a pa Great East Road monga ngati palibe. Miseu ya dothi yopita kumasenta a maparishi athu imagwira nchito yomweyo pang'onopang'ono: mabampu ake ang'onoang'ono amagwedeza galimoto kosalekeza mpaka mabushi a mphira atang'ambika, ma ball joint atayamba kusewera, mashoki atataya mafuta. Ziwalo zimenezi zikatha, wilo siliimanso malo amodzi. Limaloza uku pokwera phiri, uko pogwira buleki.

Cina ndi katundu. Vani yopangidwira tani imodzi iyenera kunyamula matumba 20 a cimanga a makilogalamu 50, osaposa pamenepo, ndipo dalaivala ndi anthu okwera nawonso ali m'ciwerengero comweco. Koma pa nyengo yogulitsa mbeu, kapena pobwera ndi feteleza, ndani amawerenga? Pa ulendo wa maliro kapena wa cikwati timakwera mudzi wonse, ndipo wotsala amakhala wodandaula. Masipuling'i akagona cifukwa ca kulemedwa, mawilo amasintha kaimidwe. Pa magalimoto a masipuling'i a mapale, monga Canter kapena Hilux, kabauti kapakati kogwira mapalewo kakaduka, ekiselo yakumbuyo imasendera mbali imodzi. Mudzaizindikira galimoto yotere mukaitsata kumbuyo: imayenda cammbali ngati nkhanu, ndipo dalaivala wake amagwira ciongolero copendekeka ngakhale pa mseu woongoka.

Tisaiwale kuti magalimoto ambiri a mabanja athu ndi ogwiritsidwapo kale nchito ku Japan. Ambiri amatsikira pa doko la Dar es Salaam nkuyendetsedwa pa mseu kudzera pa Nakonde, ndipo pofika ku Lusaka amakhala atayenda kale makilomita pafupifupi 2,000 m'manja mwa munthu wofulumira kuti akatenge ina. Tsiku limene banja likondwerera galimoto yatsopano, miyendo yake ingakhale itapotoka kale. Enanso amabwera atavala matayala a nyengo yacisanu ya kumeneko, opangidwira kuyenda pa cipale. Pambali pake pamalembedwa STUDLESS, kapena pamakhala cithunzi ca phiri. Mano ake ndi akuya ndi okongola, koma mphira wake ndi wofewa, ndipo pa tara yotentha ya m'cigwa ca Luangwa umatha msanga ndipo sugwira bwino pomanga buleki.

Si nkhani ya ndarama yokha

Pa msonkhano wa khonsolo ya parishi, ikafika nkhani ya matayala a galimoto ya misoni, nkhope zimagwa, pakuti matayala anai a Land Cruiser angameze copereka ca miyezi ingapo. M'banja ndi cimodzimodzi. Tayala lotha nthawi yake isanakwane ndi fizi ya mwana, ndi matumba a feteleza, ndi malata a khichini imene amai akhala akuidandaula zaka zitatu. Cimeneci cokha cikadakwanira kutiyendetsa ulendo wa ku galaji. Koma pali cina colemera koposa.

Ngalande za pa tayala sizokongoletsa. Nchito yake ndi kucotsa madzi pansi pa tayala kuti mphira ukhudze tara. Zikafafanizika, tayala limayandama pa madzi, ndipo ciongolero ndi mabuleki zimakhala ngati palibe. Mphepete yodyeka mpaka pa mawaya imalowa madzi, mawaya amacita dzimbiri, mphira umayamba kusiyana nawo, ndipo pa tsiku lotentha, galimoto italemedwa ndipo ikuthamanga, tayala limaphulika. Amene anatsikapo mapiri a Manenekera kulowera ku mlato wa Luangwa, kapena makhona a ku Kacholola, adziwa kuti pali malo ena pamene tayala lakutsogolo likaphulika, dalaivala sapatsidwa mpata waciwiri. Anthu amati tsoka silinunkha. Koma tayala limeneli linakhala likucenjeza miyezi itatu kapena isanu, kungoti cenjezolo linali kumbali yamkati, ndipo palibe anagwada kuti alione.

Ife Akatolika timakonda kubweretsa galimoto yatsopano kwa Bambo Mfumu kuti aidalitse. Timapacika korona pa kalilole, ena amamata cithunzi ca Kristofa Woyera, nkhoswe ya apaulendo. Ndi mwambo wabwino ndipo usaleke. Koma madzi odalitsidwa saongola tie rod. Ambuye athu pamene woyesa uja anawauza kuti adziponye pansi kucokera pamwamba pa Nyumba ya Mulungu podalira angelo, anakana, cifukwa kudziika dala m'ngozi nkumayembekeza cozizwitsa ndi kuyesa Mulungu. Katekisimu wa Eklezia Katolika, amene anatuluka mu 1992, pa nambala 2290 aphunzitsa kuti oika moyo wao ndi wa anzao pangozi pa mseu cifukwa ca kuledzera kapena kukonda liwiro ali ndi mlandu waukulu. Mu 2007 ofesi ya ku Vatican yoyang'anira apaulendo, motsogozedwa ndi Kadinala Renato Martino, inatulutsa malangizo a za pa mseu okhala ndi malamulo khumi a madalaivala, ndipo loyamba lake ndi lija lacisanu la pa Sinai, loletsa kupha. Ndime ija ya Katekisimu sichula matayala, koma ine ndiona kuti mwini minibasi amene adziwa kuti tayala lake lafika pa waya, nakwezabe ana a anthu, saima patali ndi woledzera uja. Woledzerayo nzeru zake zinasokonezeka ndi mowa. Uyu anawerengera ndarama zake ali bwinobwino, nasankha.

Bungwe la RTSA, limene linakhazikitsidwa ndi lamulo la za pamseu la mu 2002, limayesa magalimoto ndi kupereka cikalata ca fitinesi. Cikalataco cimanena za tsiku limene galimoto inayesedwa. Sicidziwa dzenje limene munagunda sabata yotsatira. Ndipo za aja obwereka matayala a mnzao pa tsiku la fitinesi nkuwabweza madzulo, tingonena kuti anyenga woyesa, koma tara sanainyenge.

Kuwerenga tayala ndi dzanja

Nchito iyi sifuna munthu wodziwa injini. Amai angaicite, mwana wa sekondale angaicite, ndipo m'banja limene ndarama zimasungidwa ndi amai, mwina ndiwo ayenera kuiphunzira poyamba. Imikani galimoto pamalo osalala, mumange handibuleki, mukhotetse ciongolero mpaka kumapeto kuti tayala lakutsogolo lionekere lonse, kenaka muzimitse injini. Gwadani. Tengani kamtengo ka macisi, mukalowetse m'ngalande yamkati, yapakati ndi yakunja, mukuika cikhadabo pamene kalekezera. Ngati kuya kwake kwasiyana moonekera, tayala layamba kulankhula.

Tsono pititsani cikhatho pamwamba pa mano, kucokera kunja kulowera mkati, nkubwereranso. Citani pang'onopang'ono, pakuti ngati mawaya atuluka amaceka ngati lumo. Mukamva kuti kulowera kwina nkosalala koma pobwerera mano akukukodolani ngati mamba a nsomba kapena mano a sowo, ndiye kuti toe yasokonezeka, ndipo cizindikiro cimeneci cimabwera msanga, maso asanaone kanthu. Mphepete imodzi yosalala bwino koma yotsika kuposa inzake imaloza ku camber, ngakhale kuti nthawi zambiri zolakwa ziwirizi zimayendera pamodzi.

Si kudyeka konse kumene kumacokera ku alainimenti, ndipo nkofunika kusiyanitsa kuti musalipire mankhwala a matenda ena. Tayala lodyeka m'mphepete zonse ziwiri, pakati pali bwino, lakhala likuyenda ndi mpweya wocepa kapena ndi katundu woposa muyeso. Limeneli ndi loopsa kwambiri, cifukwa tayala lopanda mpweya wokwanira limapindikapindika nkutentha mkati. Lodyeka pakati pokha lapopedwa mopitirira. Lokhala ndi zigamba zokumbika apa ndi apo kuzungulira, ngati munthu analisema ndi kasemasema, likunena kuti mashoki anatha ndipo wilo likudumphadumpha. Cotupa pambali pa tayala, ngati dzira, ndi ulusi wamkati umene unaduka pogunda dzenje. Cimeneci sicimatidwa ndipo sicipola. Tayalalo licoke tsiku lomwelo.

M'ngalande muli timilatho ting'onoting'ono ta mphira topingasa. Pambali pa tayala pamakhala kacizindikiro ka makona atatu kapena malembo TWI oloza pamene tili. Tayala latsopano la galimoto yaing'ono limakhala ndi ngalande zakuya mamilimita 7 kapena 8, ndipo timilatho timeneti tinaikidwa pa mamilimita 1.6. Mano akalingana nato pa mbali iriyonse, ngakhale mbali inayo ikali yabwino, tayala latha. Polowa m'dzinja, ndi nzeru kusayembekeza kufika pamenepo.

Za mpweya, muyeso woyenera sulembedwa pa tayala. Nambala ya pa tayala ndi malire amene simuyenera kupitirira. Muyeso wa galimoto yanu uli pa kapepala komatidwa pa cimango ca citseko ca dalaivala, kapena m'buku la galimoto. Yesani m'mawa matayala akali ozizira, kamodzi pa mwezi ndiponso musanayambe ulendo wautali. Kumenya tayala ndi cidendene ca nsapato si kuyesa. Ndipo pakati pa ulendo, mukapeza kuti mpweya wakwera cifukwa ca kutentha, musaucotse. Matayala akazizira udzatsika wokha.

Kukokera kumbali nakonso kuli ndi zifukwa zingapo. Miseu imapangidwa yokwera pakati kuti madzi atsikire m'mbali, ndipo popeza m'Zambia timayenda kumanzere, galimoto yabwinobwino ingatsetserekere pang'ono kumanzere. Kukoka kwamphamvu kungacokere ku tayala limodzi locepa mpweya kapena ku buleki yogwira. Yambani mwayesa zimenezi. Inunso okwera minibasi, amene mulibe galimoto, palibe lamulo lokuletsani kuyang'ana matayala musanalipire. Kondakitala angakusekeni, koma basi ina ikubwera.

Ku galaji

Pali nchito ziwiri zimene anthu amasokoneza. Balansi ndi kuzungulitsa wilo pa makina nkumata timitovu ting'onoting'ono pa rimu kuti kulemera kwake kukhale kofanana ponse. Imaciza kunjenjemera kwa ciongolero kumene kumayamba pa liwiro la makilomita 80 kapena 100. Alainimenti ndi kuongola kaimidwe ka mawilo. Wocita imodzi sanacite inayo.

Makanika wabwino sathamangira ku makina. Amayamba wakweza galimoto, nagwira wilo kumanja ndi kumanzere nkuligwedeza, kenaka pamwamba ndi pansi. Likagogoda kapena kusewera, pali ciwalo cotha, ndipo kuongola mawilo pa ziwalo zotha ndi kutaya ndarama, cifukwa muyeso wonse udzathera pa hampu yoyamba. Apa ndi pamene ambiri timakwiya, poganiza kuti makanika afuna kutidyera. Nthawi zina nzoona, pakuti a cinyengo alipo m'nchito iriyonse. Mankhwala ake ndi kupempha mwaulemu kuti akuonetseni, mugwedeze nokha ndi manja anu. Munthu woona mtima sakana zimenezo. Safunsa anadya phula.

Onaninso kuti ayesa mpweya asanayambe, ndipo kuti m'galimoto mulibe matumba a simenti. Magalaji ambiri a m'matauni akuluakulu ali ndi makina a kompyuta amene amaonetsa miyeso ya mawilo onse anai. Pemphani pepala loonetsa mmene inaliri poyamba ndi mmene yakhalira pomaliza, mulisunge pamodzi ndi makalata a galimoto. Pa magalimoto ambiri ang'onoang'ono, ndiponso pa Land Cruiser ya ekiselo yolimba yakutsogolo, cimene makanika angasinthe mosavuta ndi toe yokha. Ngati pepala lionetsa kuti camber yapitirira malire pa galimoto yotere, ndiye kuti pali cina copindika kapena cogona, ndipo ciyenera kufunafunidwa. Musalole kuti akuuzeni kuti ndi mmene iliri. Mukatuluka, yendani pa mseu woongoka muone ngati ciongolero cakhala pakati. Cikapendekeka, bwererani nthawi yomweyo, nchito sinathe.

Nanga muzipita kangati? Pogula matayala atsopano, tsiku lomwelo. Mukasintha ciwalo ciriconse ca kumiyendo kapena ca ciongolero. Mukagunda dzenje mpaka okwera onse nkuchula dzina la Maria. Kupatula apo, kamodzi pa caka, ndipo kwa ife nthawi yabwino ndi pamene mvula yatha, m'mwezi wa Epulo kapena Meyi. Kusinthanitsa matayala akutsogolo ndi akumbuyo pa makilomita 8,000 kapena 10,000 alionse kumathandiza kuti athe mofanana, koma kusinthanitsa popanda kuongola ndi kungopereka tayala lina kwa cirombo comweco.

Kwa amene ali kutali ndi makina

Galimoto ya ku misoni ya kumidzi, kapena vani ya mlimi wa ku Chama kapena ku Vubwi, singapite ku tauni pa dzenje lirilonse. Pali kayesedwe ka kumudzi kamene kangakuuzeni ngati ulendo wa ku galaji ndi wofulumira. Funani malo osalala ndi olimba, monga bwalo la simenti. Kankhirani galimoto kutsogolo mamita angapo ciongolero ciri pakati. Ndi choko, lembani kamzere kopyapyala pakati pa mano a tayala lirilonse lakutsogolo, kumbuyo kwake, pa msinkhu wa pakati pa wilo. Anthu awiri ayese ndi tepi mtunda wa pakati pa timizereto, alembe. Kankhiraninso galimoto kutsogolo mpaka mawilo atazungulira theka, timizere tija tifike kutsogolo pa msinkhu womwewo, muyesenso. Manambala awiriwo ayenera kukhala pafupifupi ofanana. Akasiyana ndi theka la sentimita kapena kuposa, matayala anu akudyeka pa ulendo ulionse. Kayesedwe aka kamayenda bwino pa magalimoto okwera, pamene tepi ingadutse pansi osakhudza citsulo.

Ndi cingwe mungayesenso ekiselo yakumbuyo. Yesani kucokera pakati pa wilo lakutsogolo kufika pakati pa lakumbuyo, kumanja ndi kumanzere, mawilo ali molunjika. Mbali imodzi ikafupika, yang'anani kabauti kapakati ka masipuling'i. Koma kuyesa ndi kwina, kukonza ndi kwina. Tie rod ndi ciwalo cimene moyo wa onse okwera wapacikidwapo. Ikapindika isaongoledwe ndi moto kapena hamala, isinthidwe, ndipo manati ake amangidwe ndi munthu wodziwa.

Matayala a salaula

Mabanja ambiri sangakwanitse matayala atsopano, ndipo amapita kwa ogulitsa matayala ogwiritsidwapo kale nchito. Sindingawaweruze, pakuti thumba la munthu adziwa ndi mwini. Koma wogula apite ndi maso. Pambali pa tayala, kumapeto kwa mzere wa malembo umene kawirikawiri umayamba ndi DOT, pali manambala anai. Awiri oyamba ndi sabata, awiri otsiriza ndi caka. Mukaona 2319, tayalalo linapangidwa m'sabata ya 23 ya caka ca 2019. Kalembedwe aka kanayamba mu 2000, motero tayala la manambala atatu okha ndi la m'zaka za m'mbuyo mwake ndipo malo ake ndi pa denga. Mphira umakalamba ngakhale osayenda. Opanga matayala monga Michelin amalangiza kuti tayala likakwanitsa zaka zisanu liziyesedwa caka ndi caka, ndipo likafika zaka khumi licoke ngakhale mano ake aoneke abwino. Timing'alu ting'onoting'ono pambali pake ndi pansi pa ngalande ndito imvi zake.

Pemphani kuona mkati mwa tayala lisanaikidwe pa rimu. Cigamba ca pakati pa mano comatidwa bwino sicoopsa, koma ca pambali ndi coopsa. Cenjerani ndi matayala osemedwanso, amene anthu ena amakumba ngalande zatsopano ndi mpeni wamoto pa tayala lotha. Matayala ena a malole akuluakulu anapangidwa ndi mphira wokwanira kutero ndipo amalembedwa REGROOVABLE, koma la galimoto yaing'ono likasemedwa, mpeni umafika pafupi ndi mawaya. Mudzalizindikira ndi ngalande zokhotakhota zosalingana, zopanda timilatho tija. Pa minibasi ndi pa vani yonyamula katundu, funani matayala okhala ndi cilembo C pambuyo pa nambala ya saizi, pakuti ndiwo olimbira katundu. Tayala la galimoto yaing'ono lingalowe pa rimu yomweyo, koma silinapangidwire kulemera kotere.

Ngati ndarama zikwanira matayala awiri okha, agulidwe ofanana saizi ndi mtundu, aikidwe pa ekiselo imodzi. Ambiri timawaika kutsogolo, koma opanga matayala amalangiza kuti abwino koposa akhale kumbuyo, cifukwa pa mseu wonyowa galimoto ikaterereka kutsogolo dalaivala amamva m'ciongolero nacepetsa liwiro, koma ikaterereka kumbuyo imatembenuka mwadzidzidzi. Akutsogolo nawo akhale ndi mano okwanira, osati otsala pang'ono kutha. Ndipo musanacoke pamalopo, tsitsani sipeya muiyese mpweya ndi kuwerenga caka cake, pakuti pa magalimoto ambiri ocokera ku Japan ndi kawilo kakang'ono kongothandizira, kamene sikayenera kupitirira liwiro la makilomita 80 ndipo sikanapangidwire ulendo wa ku Lundazi.